John Wilkes, phungu amene anamukana kukhala pampando wake

Zikomo amfumu, zikomo akuluakulu nonse. Amayi kumbuyoko mukundimva? Chabwino, tiyambe.

Lero ndikutengerani ku England, zaka za m'ma 1700, kwa bambo wina dzina lake John Wilkes. Ndinene poyera pachiyambi pomwe kuti sanali munthu woti mungakondwe atabwera kudzafunsira mwana wanu. Anabadwira ku London mu 1725, bambo ake ankatcheza mowa n'kumagulitsa. Anakwatira mkazi wachuma, Mary Mead, koma banja silinakhalitse. Akazi ankawakonda, ngongole zinali mbwee, diso lina linkayang'ana kumbali. Koma pakamwa ndiye panali pakuthwa.

Mu 1757 anakhala phungu wa Aylesbury, ndipo mu 1762 anayambitsa nyuzipepala yotchedwa The North Briton, yomwe ntchito yake inali kudzudzula boma sabata ndi sabata. Ya nambala 45, yomwe inatuluka pa 23 Epulo 1763, ndiyo inautsa mapiri pachigwa. Inanyoza mawu amene Mfumu George III inayankhula kunyumba ya malamulo potamanda pangano la mtendere ndi France. Nduna zinapsa mtima, zinatulutsa chikalata chogwirira anthu. Tamverani apa: chikalatacho chinalibe dzina la munthu ndi mmodzi yemwe. Chinangoti gwirani olemba, osindikiza ndi ofalitsa. Ndiye amithenga a mfumu ankangolowa nyumba iliyonse imene aiganizira. Anagwira anthu 49, Wilkes anamutsekera mu Tower of London, mapepala ake anawakokolola onse.

Woweruza wamkulu Charles Pratt anamutulutsa, ati phungu samangidwa chisawawa. Wilkes sanathere pomwepo, anakasuma, makhoti anagamula kuti chikalata chopanda dzina n'chosaloledwa. Malamulo athu ambiri tinatengera kwa Angerezi, ndiye wapolisi akabwera kudzasecha m'nyumba mwanu inu n'kufunsa kuti pepalalo lalembedwa dzina la ndani, dziwani kuti mlandu uwu uli m'gulu la milandu imene inalambula njirayo.

Adani ake anamupezera pena. Anafukula ndakatulo yolaula imene anasindikiza mobisa, n'kuiwerenga m'nyumba ya malamulo. Phungu mnzake anamuvulaza ndi mfuti atapangana zowomberana. Anathawira ku Paris, mpando unapita. Zaka zinayi zitadutsa, angongole a ku France atamupanikiza, anabwerera kwawo mu 1768.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tikhazikike. Anaima pachisankho ku Middlesex, anapambana. Khoti linamugamula miyezi 22 kundende pamilandu yakale ija. Chigamulocho chisanaperekedwe, iye ali kale m'ndende, anthu anasonkhana kunja kwa ndendeyo ku St George's Fields, pa 10 Meyi 1768 asilikali anawombera, ena anafera pomwepo. Nambala 45 inalembedwa ndi choko m'makomo ndi m'zipupa mumzinda wonse. Mu Febuluwale 1769 aphungu anamuchotsa m'nyumba. Anthu a ku Middlesex anamusankhanso mwezi womwewo. Anamuchotsanso. Mu Malichi anamusankhanso, n'kumukananso. Mu Epulo boma linaimika munthu wake, Henry Luttrell. Wilkes anapeza mavoti 1,143, Luttrell 296. Mukudziwa amene anakhala pampando? Luttrell! Ee, mukuseka agogo, koma zinachitikadi. Ndipo kumbukirani, ovota nthawi imeneyo anali amuna okhaokha okhala ndi malo, ankavota poyera, kutchula dzina aliyense akumva. Mwini minda akukuyang'ana, iwe n'kunenabe kuti Wilkes, kanayi konse. Kwa ine anthu amenewa ndiwo anali olimba mtima kuposa mwini wakeyo.

China ndi ichi. Kale kunali koletsedwa kulemba m'nyuzipepala zimene aphungu akukambirana. Mu 1771 nyumba ya malamulo inatuma mthenga kukagwira osindikiza. Wilkes, amene panthawiyo anali mmodzi wa akuluakulu oweruza mumzinda wa London, anamasula osindikizawo, ndipo iye ndi anzake anamanga mthengayo. Meya Brass Crosby anakatsekeredwa chifukwa cha zimenezi, koma aphungu anagwa ulesi, kuyambira pamenepo atolankhani anayamba kulemba momasuka. Ife tikamatsegula wailesi kumvera aphungu athu akukokanakokana ku Lilongwe, timangoti ndi mmene zimakhalira.

Mu 1774 anakhala meya wa London, nabwereranso kunyumba ya malamulo, ulendo uno osamuchotsa. Mu 1776 anapempha kuti ngakhale waganyu akhale ndi voti, anzake sanalabadire. Mu 1782 aphungu anavomera kufufuta m'mabuku awo chigamulo chomuletsa chija, patadutsa zaka 13.

Koma pofika nthawi imeneyo anali atasiyana kale ndi anthu wamba. Pachipolowe cha mu 1780, khamu litafuna kuthyola Bank of England, Wilkes anali kumbali ya asilikali owombera. Amene ankakuwa dzina lake anamufulatira. Mu 1790 anaona kuti ku Middlesex sangapambanenso, anangodzichotsa yekha. Anamwalira pa 26 Disembala 1797.

Ndaona dzanja uko. Imirirani bambo, funsani.