Alangizi achuluka, timve za ndani?

Zikomo amfumu, zikomo abambo ndi amayi nonse.

Kale mlangizi anali mmodzi, wa boma. Mu 2000 boma linatsegula khomo kuti ulangizi uzibweranso ndi ena: mabungwe ngati NASFAM, makampani a mbewu, ogula fodya, ngakhale wailesi. Zinali zoyenera, poti mlangizi mmodzi sangamalize mabanja onse a m'sekishoni mvula isanagwe.

Koma taonani zomwe zimachitika. Lolemba abwera a bungwe, akuti musagalauze, phimbirani nthaka ndi mapesi. Lachinayi abwera a kampani, akuti ungani mizere. Mlimi asokonezeka, abwerera ku zakale.

Ndiye mlendo aliyense wobwera ndi uphungu mufunseni: mwadutsa ku EPA, ofesi ya boma ya zaulimi ya dera lino? Mlangizi wathu akudziwa? Si mwano ayi. A kampani ali ndi mbewu yatsopano ndi galimoto yofikira kutali, komanso akufuna kugulitsa. Wa boma amadziwa nthaka ya kuno ndipo adzakhalapobe pulojekiti ikatha. Tikuwafuna onse awiri, ndipo malo owakumanitsira ndi komiti ya zaulimi ya m'mudzi, VAC ija. Zikakanika pamenepo, nkhani ipite ku Area Stakeholder Panel, komiti ya zaulimi ya dera lonse la a T/A.

Tsono nkhani ya munda wachitsanzo, pomwe ambiri amapusitsika. Kampani ipereke mbewu ndi feteleza, mudzi upereke malo, mlangizi ayeze. Dulani zigawo ziwiri zofanana, mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, zoyandikana, pa nthaka imodzi. China mbewu yatsopano, china yomwe mumabzala kale. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando. Bzalani tsiku limodzi. Feteleza wokulitsa ndi wobereketsa akhale wofanana, kupalira tsiku limodzinso. Chigawo cha kampani chikaikidwa pachulu kapena pomwe panali khola, n'kuthiridwa feteleza katatu, chimanga chidzabiriwira ndithu, koma simunaphunzire kanthu za mbewuyo. Mwangoona mphamvu ya manyowa.

Musagamule pa chionetsero cha m'munda chimanga chikadali chachiwisi. Dikirani chiume, mutonole, muike pasikelo anthu akuona, mlimi wotsogolera alembe m'kope. Amayi akakonole pang'ono aone mphale yotuluka, ndipo china musunge miyezi itatu muone anankafumbwe.

Za kontirakiti yolima ndi kampani yogula zokolola ndinene mwachidule. Musanadinde chala, mlangizi kapena wa VAC awerenge mokweza m'Chichewa: mtengo pa kilogalamu, magiredi, ngongole ya zipangizo idzadulidwa bwanji, nanga kukachita ng'amba ngongoleyo ili pa ndani. Pepala limodzi litsale ndi kalabu.

Amfumu, pempho langa n'loti VAC ikumane mwezi uno mbewu zisanafike m'mashopu, ilembe mabungwe onse omwe akugwira ntchito m'mudzi muno ndi zomwe aliyense akuphunzitsa, ipereke kwa mlangizi.