Fainolo ya achinyamata pa Jeopardy!: mafunso, batani ndi masamu a masiku awiri

[Pa sikirini: bolodi la buluu lodzaza ndi mabokosi a ndalama]

Moni nonse amene mukutionera. Lero tikamba za Jeopardy!, pulogalamu ya mafunso ya pa wailesi yakanema ku America, makamaka mpikisano wake wa achinyamata ndi zimene zimachitika pa ndime yomaliza. Ambiri amaganiza kuti amene wawerenga mabuku ambiri ndiye amapambana basi. Kudziwa zinthu n'kofunika ndithu, koma pofika pa fainolo ana onse atatu amakhala odziwa. Chimawasiyanitsa ndi chala pa batani, ndi masamu amene amawerengera mtima ukugunda.

Pulogalamuyi anaiyambitsa ndi Merv Griffin, ndipo inayamba kuonetsedwa mu 1964. Imene anthu ambiri amaidziwa ndi yomwe inayamba mu 1984, Alex Trebek akuitsogolera, ndipo anaitsogolera mpaka pamene anamwalira ndi khansa mu 2020. Panopa amaitsogolera ndi Ken Jennings, yemwe mu 2004 anapambana maulendo 74 motsatizana ali wopikisana nawo. Mpikisano wa achinyamata unayamba mu 1987 n'kuchitika komaliza mu 2019, ndipo olowa ankakhala a zaka 13 mpaka 17.

[Pa sikirini: magulu asanu ndi limodzi a mafunso]

Masewerawo amayenda chonchi. Pa bolodi pamakhala mitu 6, mutu uliwonse mafunso 5. Chigawo choyamba mafunso amayambira $200 kufika $1,000, chigawo chachiwiri mitengoyo imawirikiza, $400 mpaka $2,000. Wotsogolera amawerenga chiganizo chofotokoza chinthu kapena munthu, ndiye wopikisana amayankha ngati akufunsa: "Kodi ndani wakuti?" kapena "Kodi n'chiyani chakuti?" Ukakhoza, ndalama zimawonjezeka. Ukalakwitsa, amakuchotsera ndalama zomwezo, moti munthu akhoza kutsika mpaka kunsi kwa ziro.

Tsopano za batani, zimene oonera kunyumba saziona. Sungadine nthawi iliyonse imene wafuna. Wotsogolera akamaliza kuwerenga, pambali pa bolodi pamayaka magetsi, ndipo mpamene mabatani amatsegulidwa. Ukafulumira kudina magetsi asanayake, batani lako limatsekeka kwa kota ya sekondi. Kota ya sekondi imamveka yochepa, koma ngati anzako awiri akudziwanso yankho, funsolo lapita. N'chifukwa chake mumaona mwana akudinadina batani nkhope itakwinyika: yankho ali nalo, wangochedwa kapena wafulumira pang'ono.

Mu bolodimo mumabisalanso mafunso apadera otchedwa Daily Double, limodzi m'chigawo choyamba, awiri m'chigawo chachiwiri. Amene walitola amayankha yekha, ndipo amanena yekha ndalama zomwe akubetcha asanamve funso. Kenako pamapeto pali Final Jeopardy: funso limodzi kwa onse. Amauzidwa mutu wokha, aliyense n'kulemba mobisa ndalama zomwe akubetcha, kenako funso limawerengedwa ndipo amapatsidwa masekondi 30 oti alembe yankho, kanyimbo kodziwika kaja kakulira.

[Pa sikirini: mayina 15 akuchepa kufika 9, kenako 3]

Mpikisano wa achinyamata unkatenga milungu iwiri. Ana 15, masewero asanu m'sabata yoyamba. Opambana asanu amapita ku semifainolo, ndipo amawonjezerapo anayi amene anagonja koma anapeza ndalama zambiri kuposa ogonja anzawo. Asanu ndi anayiwo amasewera masewero atatu, opambana atatu ndiwo amafika pa fainolo.

Ndipo fainoloyo si sewero limodzi. Ndi masewero awiri, oonetsedwa masiku awiri otsatizana. Tsiku lachiwiri aliyense amayambiranso pa ziro, koma pamapeto ndalama za masiku onse awiri amaziphatikiza. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pa Final Jeopardy ya tsiku lachiwiri, ukhoza kubetcha ndalama za tsikulo zokha. Za dzulo zili pambali, palibe angazikhudze, koma ziwerengedwa. Choncho manambala amene mukuwaona kutsogolo kwa opikisana pa sikirini sakunena zonse. Amene akuoneka ngati watsalira kwambiri akhoza kukhala kuti ndiye woopsa.

Tiyeni tione fainolo ya mu February 2013, imene anthu amaikumbukirabe.

Ngakhale njira yofikira pa fainoloyi inali yachilendo. Pa semifainolo ina, funso lomaliza linafunsa za mzinda wokhala ndi makoma olekanitsa madera a Akatolika ndi a Apulotesitanti. Yankho linali Belfast, mzinda wa ku Northern Ireland. Ana onse atatu analemba Dublin, likulu la dziko la Ireland, ndipo onse anali atabetcha ndalama zawo zonse. Onse anatsala ndi ziro, seweroli linalibe wopambana. Mpando wachitatu wa pa fainolo unapita kwa amene anagonja pa semifainolo ina koma ali ndi ndalama zambiri: mnyamata wa ku Arkansas, chigawo china cha America.

Tsiku loyamba la fainolo silinamuyendere. Anamaliza ndi $3,000 yokha, pamene anzake awiri anali ndi $19,000 ndi $17,600. Tsiku lachiwiri anatola Daily Double n'kubetcha $18,000 pa funso limodzi. Anakhoza. Apa ndimamuchotsera chipewa, chifukwa munthu wotsalira chonchi akamabetcha pang'onopang'ono sangawapeze anzake, ndipo iye anazindikira zimenezo.

[Pa sikirini: manambala a masiku awiri, mzere uliwonse wopikisana mmodzi]

Pofika pa Final Jeopardy, manambala a tsikulo anali otere: mnyamata wa ku Arkansas $37,000, wachiwiri $14,400, wachitatu $9,000. Likanakhala sewero wamba la tsiku limodzi, nkhani ikanathera pomwepo. Wachiwiri ngakhale atabetcha zonse n'kukhoza, akanafika pa $28,800, kutali ndi $37,000. Wotsogolayo akanangobetcha ziro n'kupinda manja.

Koma onjezani za dzulo. Wotsogola: $37,000 kuphatikiza $3,000, ikukwana $40,000. Wachitatu atabetcha zonse n'kukhoza: $18,000 kuphatikiza $17,600, ikukwana $35,600. Ameneyu sangafike pa $40,000. Nanga wachiwiri? $28,800 kuphatikiza $19,000, ikukwana $47,800. Mwaona? Chitseko chinali chisanatsekedwe.

Ndiye taganizani kuti ndinu mwana wa sekondale, mwaima pamenepo, magetsi akukuwalirani kumaso, makolo anu akhala m'gulu la oonerera, ndipo muyenera kusankha. Kuti mutseke njira ya wachiwiri, muyenera kubetcha $7,801, kuti mukakhoza mufike pa $47,801. Koma mukabetcha zimenezo n'kulakwitsa, mutsikira pa $32,199, ndipo wachitatu, yemwe poyamba sakanakupezani, akhoza kukudutsani. Mukabetcha ziro, wachitatu mwathana naye, koma mukudalira kuti wachiwiri alakwitse. Palibe njira yopanda chiopsezo. Ndipo kumbukirani, zonsezi mukusankha mukudziwa mutu wokha, funso musanalimve.

Mnyamatayo anabetcha ziro. Funso linabwera: ndani ananena pa 6 June 1944 kuti maso a dziko lonse ali pa inu? Yankho linali Dwight Eisenhower, mkulu wa asilikali amene anatsogolera nkhondo yokocheza ku Normandy, ku France, ndipo pambuyo pake anakhala pulezidenti wa America. Wachitatu anakhoza, nafika pa $35,600 ija. Wachiwiri analakwitsa. Ndiye anaonetsa zomwe mnyamata wa ku Arkansas uja analemba: "Kodi ndi munthu winawake wa ku Normandy? Koma ine ndangopambana $75,000!" Trebek anaseka, oonerera anaseka, ndipo kavidiyoko kanafalikira pa intaneti.

Anapambanadi $75,000, yomwe inali mphoto ya chaka chimenecho. Koma pa nthawi imene ankalemba mawuwo, anali asanapambane. Wachiwiri uja anabetcha $7,000. Akanalemba Eisenhower, akanakhala ndi $21,400 ya tsikulo, kuphatikiza $19,000 ya dzulo, $40,400. Akanapambana ndi $400 yokha, kusiyana kwa funso limodzi lotchipa la m'chigawo chachiwiri.

Ena amanena kuti mnyamatayo anangochita mwayi. Ine sindikugwirizana nazo kwenikweni. Analakwitsa poganiza kuti nkhani yatha, inde. Koma kubetcha ziro pakokha sikunali kupusa. Popeza sanalembe yankho lolondola, akanabetcha $7,801 ija, mphoto ikanapita kwa wachitatu. Ndipo $40,000 imene anaima nayo sanaitole panjira: anaipeza tsiku lachiwiri, atayamba ali kumbuyo kwa anzake ndi ndalama zoposa $14,000. Amene ndimamumvera chisoni ndi wachiwiri uja. Masamu ake anali olondola, anabetcha ndalama zokwanira kudutsa $40,000, koma dzina limodzi silinabwere m'masekondi 30.

Chinanso choti mudziwe: "dzulo" limene tikunenali ndi la ife oonera. Pulogalamuyi amaijambula ku Culver City, m'chigawo cha California, masewero asanu pa tsiku limodzi. Masewero awiri a fainolo amajambulidwa motsatizana. Mwana amene wagwa pa sewero loyamba sagona n'kudzuka ndi mtima watsopano. Amangosintha zovala, n'kubwerera pa malo ake omwe aja. Mukamaona wina akubwerera mwamphamvu tsiku lachiwiri, dziwani kuti wadzilimbitsa mtima m'kanthawi kochepa chabe.

[Pa sikirini: bolodi la chigawo chachiwiri]

Mukamaonera fainolo ngati imeneyi, tengani pepala. Lembani ndalama za tsiku loyamba za aliyense. Chigawo chachiwiri chikatha, wirikizani kawiri ndalama za tsikulo za amene ali kumbuyo, onjezani za tsiku loyamba, ndipo muyerekeze ndi zonse za wotsogola. Mukatero mudziwa, opikisanawo asanalembe kalikonse, ngati pali amene watsekadi chitseko. Muonenso mmene amasankhira mafunso: amene watsalira amadumphira m'mizere ya m'munsi mwa bolodi, chifukwa Daily Double kawirikawiri imabisala kumeneko, ndipo ndiyo njira yachidule yobwezera ndalama zimene anataya tsiku loyamba.

Mphoto ya mpikisanowu inakwera kufika $100,000 m'zaka zotsatira. Mu 2023 pulogalamuyi inaitananso achinyamata amene anapikisana mu 2018 ndi 2019, ambiri ali kale ku koleji, kuti adzapikisanenso, ndipo fainolo yawo inalinso ya masewero awiri ophatikiza ndalama.