Mbale wanu akamangidwa, yambani kuwerenga maola

Omvera athu, lero tili pa gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino la Malawi, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994. Musaiwale kuti gawo 5 limati lamulo lina lililonse, kapena chochita cha boma, chikasemphana ndi malamulo amenewa chilibe mphamvu. Ndiye kuti wapolisi nayenso ali pansi pake.

Mbale wanu akangomangidwa, lembani papepala tsiku, nthawi ndi polisi imene amutengera. Osadalira mutu ayi, lembani. Apolisi ali ndi maola 48 oti amufikitse kukhothi, kumene akamuuze mlandu wake kapena chifukwa chopitirizira kumusunga. Akalephera, munthuyo ayenera kutuluka.

Mvetsetsani kawerengedwe kake, pakuti ambiri amakangana ndi apolisi pachabe. Wamangidwa Lolemba 9 koloko m'mawa, maola ake atha Lachitatu 9 koloko m'mawa. Koma akamangidwa Lachinayi madzulo, maola 48 akuthera Loweruka, tsiku limene khothi siligwira ntchito. Pamenepo lamulo limati aonekere tsiku loyamba limene khothi latsegula, ndilo Lolemba, pokhapokha Lolembalo likhale la tchuthi. Kumuchotsa polisi ina kupita naye ina sikuyambitsanso kuwerenga.

Tsopano inu amene muli m'chitokosimo. Akuuzeni chifukwa chimene akumangirani, m'chiyankhulo chimene mumamva, kaya n'Chiyao, Chitumbuka kapena Chisena. Muli ndi ufulu wokhala chete, ndipo palibe wokukakamizani kuvomera mlandu. Pamene anthu amadzipweteka ndi pa sitetimenti. Wapolisi walemba m'Chingerezi, inu mwatopa, mwangodinda chala kuti zithe. Mawu omwewo mukawapeza kukhothi akukutsutsani. Nenani kuti akuwerengereni kaye, mzere ndi mzere, ndipo pamene palakwika akonze musanasayine.

Pemphani kulankhula ndi loya panokha. Ngati ndalama palibe, achibale apite ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene limapereka maloya kwa anthu osowa ndalama. Mwana wosakwana zaka 18 asamuike chipinda chimodzi ndi akuluakulu.

Za belo. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndikubwereza, yaulere. Chimene amafuna ndi anthu okuimirani, okhala ndi chiphaso cha unzika komanso odziwika kumene amakhala. Wina akati "mugule kaye fanta ya abwana", chimenecho ndi chiphuphu, ndipo woperekayo naye amapalamula. Pa mlandu wakupha, apolisi ngakhale majisitireti sangapereke belo, imeneyo mukapemphe ku High Court. Mukatuluka, musadumphe tsiku limene anakuuzani kukaonekera, chifukwa akakugwiraninso belo yachiwiri imavuta, ndipo okuimirani aja ndi amene amalowa m'mavuto.

Ngati maola adutsa munthu akadali m'chitokosi, loya akhoza kupempha khothi kuti lilamule apolisi abwere naye. Ngati wamenyedwa, gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko aja limaletsa kuzunza munthu. Pitani naye kuchipatala mabala asanapole, sungani lipoti la dokotala, kenako kadandauleni ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi, kapena ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loona za ufulu wa anthu.