Makalata a omvera: masamurai, mabwana awo ndi milungu yawo

Takulandirani nonse, makalata achuluka chikambireni za mafilimu a ku Japan sabata yatha ija ndiye tingoyamba basi.

Yoyamba yachokera ku Mzuzu, bambo awa akuti: "Achimwene ine ndakulira m'mavidiyo sho, kwa ine samurai anali munthu wokhulupirika kwa bwana wake mpaka imfa. Koma ndaonera Harakiri mutu waima, bwanji akuluakulu a mmenemo ali ankhanza komanso abodza chonchi, a Japan akunyoza makolo awo kapena?"

Zikomo bambo. Filimu imeneyo ndi ya 1962, anaipanga Masaki Kobayashi, munthu yemwe anamulemba usilikali mokakamiza pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndipo ankakana kukwezedwa udindo. Anaona yekha boma likutenga mawu okoma aja, ulemu, kukhulupirika, nkumatumira nawo anyamata kukafa. Ndiye nkhani anaiika mu 1630 inde koma akuyankhula ndi anthu a nthawi yake. Mnyamata wina wachisamurai m'filimumo anagulitsa lupanga lake chifukwa cha umphawi, mkazi ndi mwana akudwala, akuluakulu a banja la Ii nkumukakamiza kudzing'amba pamimba ndi lupanga lansungwi, pamapeto pake m'buku la banja nkulembamo bodza kuti anthu awo afa ndi matenda. Ine filimu imeneyi imandiwawa mpaka pano, ulemu onsewo unali wotchinjiriza dzina la bwana, munthu wosauka ayi.

Musaiwalenso kuti kuyambira 1945 mpaka 1952 Japan inali m'manja mwa America ndipo mafilimu otamanda kubwezera ndi kufera bwana ankaletsedwa. Mafilimu a malupanga atabwerera, ambiri anabwera ndi mafunso. Onani Seven Samurai ya Akira Kurosawa ya 1954, Toshiro Mifune ali Kikuchiyo, mwana wa mlimi wodzipanga samurai, amawakalipira anzake kuti alimi ndi achinyengo inde, amabisa mpunga, koma anawasandutsa choncho ndi masamurai omwewo owotcha midzi ndi kulanda chakudya.

Yachiwiri ndi ya mayi a ku Zomba: "Ndine wa mpingo, ana anga amakonda mafilimu amenewa, ndimaona akugwadira zifanizo, kodi akuphunzitsa chipembedzo chawo?"

Mayi, zomwe mumaonazo ndi Chibuda ndi Chishinto, ndi moyo wa anthu a nthawi imeneyo, koma kulalikira sindikuonamo. Mu Ran, filimu ya Kurosawa ya 1985, mayi wopemphera kwambiri m'nkhani yonse amaphedwa, mchimwene wake wakhungu amatsala yekha pamabwinja, chithunzi cha Buddha chija chamupulumuka m'manja. Kurosawa akufunsa funso lomwe ngakhale inu munalimvapo pamaliro, kuti anthu akamaphana chonchi wakumwamba amakhala ali kuti. Akhristu analiponso ku Japan, boma la Tokugawa linawaletsa mu 1614 ndipo ku Shimabara mu 1637 ndi 1638 anaphedwa miyandamiyanda. Koma magazi ndi ambiri mu Ran, ana ang'onoang'ono ayi chonde, akuluakuluwo muzionera nawo limodzi.

Mnyamata wina wa ku Tete watumiza uthenga pa WhatsApp, akuti ndi zoona kunali samurai wakuda?

Aise, dzina lake Yasuke. Anafika ku Japan mu 1579 ndi wansembe wachikatolika Alessandro Valignano, mu 1581 anayamba kutumikira Oda Nobunaga, mtsogoleri wankhondo wamphamvu wa nthawiyo, mpaka bwanayo atafa mu 1582, ndipo wansembe wina wa ku France analemba mu 1627 kuti kwawo kunali ku Mozambique, kwanu konko. Chimandidandaulitsa nchakuti Hollywood itafuna mlendo pakati pa masamurai mu 2003 inatenga Tom Cruise mu The Last Samurai, nkuwaonetsa ogalukira boma ngati odana ndi mfuti, chonsecho anthu a Saigo Takamori, mtsogoleri wa ogalukira enieni omwe filimuyo inatengerako nkhani, mu 1877 mfuti ankaomba ndithu.

Kalata ya ku Chipata yofunsa za azimayi m'mafilimu amenewa ndi yaitali, tiiwerenga tikabwerako ku malonda.