Sitima ikalambe, koma penti yopopera ikhale panja

Mwaswera bwanji nonse? Anyamata inu kumbuyoko sendererani kuno, nkhaniyi ndi yanu.

Zomwe zinachitika kuno ku Matero, mu Lusaka, sabata yatha mwazimva. Mnyamata wina, dzina tisatchule, anadzitsekera kuchipinda ndi kachitini ka penti yopopera, ati sitima yake ya zitini ioneke yakalekale. Zenera chitsekere, kuopa kuti amayi ake amva fungo. Mlongo wake ndiye anamupeza ali kwala pansi, akusanza, chizungulire chili tho. Anathamangira naye kuchipatala, pano ali bwino. Ndiye mawu anga oyamba ndi awa: penti yopopera komanso thinazi, mankhwala osungunulira penti aja, panja. M'nyumba ayi.

Ineyo sindikuletsa masewerawa. Ndinayamba ndi mawaya ndi zitini ngati inu nomwe, ndipo mpaka lero ndi imvi zangazi ndimasunga timasitima tija amati HO, tochepa ka 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni. Amayi akunyumba amati ndinakana kukula. Koma kuti sitima ioneke yogwira ntchito sipafunika mankhwala onunkhawo. Pafunika maso. Mukapita cha ku Kamwala taimani patali ndi njanji, patali ndithu, muyang'ane mutu wa sitima. Mwaye uli pamwamba, pomwe utsi umatulukira. Fumbi lofiira lili m'munsi, m'mateyala. Dzimbiri limayambira pa bawuti n'kutsetsereka ndi madzi a mvula, mzere wake umaloza pansi. Koma inu mumangopaka buu paliponse, sitima n'kukhala ngati yagwera m'ngalande nthawi ya dzinja.

Eya mayi, funsani. Mwati bwanji? Akuti mwana wavutika kupenta chinthu chaoneka bwino, nanga achidetserenji? Funso labwino, mayi, ngakhale akunyumba anandifunsa lomwelo. Taganizani bogi ya TAZARA. Kuchoka ku Kapiri Mposhi kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita 1,860, dzuwa, mvula, fumbi, zonse pamsana pake. Ingafike ikunyezimira ngati mbale yatsopano? Lusaka yathu inoyi inayamba mu 1905 ngati kamalo kopatukira sitima, ndiye ana athu akula akuona sitima zotopa, zokanduka. Mwana akamapanga yake amafuna ifanane ndi imene amaidziwa. Ndipo mwana amene wazindikira komwe dzimbiri limayambira, mawa akagwira ntchito ya kuwotcherera kapena kupenta zipata, saphonya. Musamukalipire, mayi. Mukamukalipira ndiye amakadzitsekera kuchipinda kuja. Mupatseni kampando pakhonde, muzimuona. Panja, mphepo ikudutsa.

Makolo, nanunso ndikudzudzuleniko pang'ono. Thinazi ndi palafini mumathira m'mabotolo a zakumwa n'kusiya pansi pa bedi. Kamwana kokwawa kadziwa bwanji? Kakamwa musakasanzitse, chifukwa zikalowa m'mapapo ndiye zoopsa kwambiri. Nyamulani mwana ndi botolo lomwelo, kuchipatala. China, amene muli ndi abale ku Kabwe, dothi la pafupi ndi mgodi wakale uja musabweretse kuti ndi fumbi lokongoletsera. Mgodi unatsekedwa mu 1994 koma mtovu ukadali m'dothi, umawononga ubongo wa ana.

Ndaona ena mwayamba kuyasamula, ndithamange. Dzimbiri: tengani waya wotsukira mapoto, muviike mu viniga m'kabotolo, musatseke zolimba chifukwa mumatuluka mpweya. Pakapita masiku angapo madziwo muwadonthezere pa mabawuti ndi kamtengo ka machesi, akauma afiira okha. Mwaye: perani khala, pakani ndi bulashi youma padenga. Fumbi: katondo wosefa ndi kansalu, kapena choko chopala ndi mpeni, m'munsi mokha. Penti gulani ija yosungunula ndi madzi, muichepetse mphamvu ikhale ngati tiyi wopanda mkaka, iyenderere yokha m'mizere, yotsala mupukute. Yambani pang'ono, kuwonjezera n'kosavuta. Yesani kaye pa chitini chachabe. Wofuna kupopera vanishi pamapeto kuti fumbi lisachoke, ndanena kale, panja, mphepo ichokere kumsana, moto wa mbaula uli kutali, wamkulu ali pomwepo. Mukatha sambani m'manja musanagwire nsima.

Loweruka tikumane pompano, aliyense ndi chitini chake ndi khala limodzi. Ndipo amene watenga kabulashi kanga kakang'ono patebulopa, abweze tisanabalalike.