Mulungu Anasakaniza Thupi

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tiwerenge 1 Akorinto 12:24-25, koma ndikupemphani tidzere kaye kwa Agiriki akale tisanafike kwa Paulo.

Agiriki sankamwa vinyo wosasungunula. Womwa wotero ankamuona ngati munthu wopanda mwambo. Pa phwando ankayamba athira vinyo ndi madzi mumtsuko waukulu wotchedwa krater, ndipo kusakanizako ankakutcha krasis. Liwu limeneli silinathere paphwando, linalowanso m'maganizo a anthu awo anzeru.

Empedocles wa ku Akragas, pachilumba cha Sicily, amene anakhalako zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, ankaphunzitsa kuti chilichonse chili ndi mizu inayi: moto, mpweya, madzi ndi dothi. Chikondi chimaisonkhanitsa, Udani n'kuimwaza. Anafika poyesa kuwerengera: fupa, iye anati, lili ndi magawo 8, anayi a moto, awiri a madzi, awiri a dothi. Dokotala wa lero akhoza kuseka, ndipo ifenso sitikhulupirira zimenezo. Komabe bamboyu anaona chinthu choona, kuti thupi limaima chifukwa zinthu zosiyana zavomera kukhalira limodzi.

Amene amandigwira mtima ndi Mgiriki wina wanzeru, Alcmaeon wa ku Croton, kumwera kwa Italy. Iye ankati munthu amakhala wathanzi pamene kutentha ndi kuzizira, kunyowa ndi kuuma, kuwawa ndi kutsekemera zili ndi ulamuliro wofanana m'thupi. Matenda amayamba chimodzi chikadzilonga ufumu pa zinzake, ndipo ufumu wa mmodziwo anautcha monarchia. Taonani, kutentha si koipa. Koma kukangolamulira kokha, munthu wagona ndi malungo.

Tsopano tifike ku Korinto, mzinda wa Agiriki omwewo. Mpingo wa kumeneko unkadwala matenda a Alcmaeon. Wina ankati ndine wa Paulo, wina wa Apolo. Pa Mgonero wa Ambuye ena ankayamba kudya osadikira anzawo, wina n'kuledzera pamene mnzake ali ndi njala. Powalembera, Paulo ananena kuti Mulungu ndiye analumikiza thupi, ndipo liwu lachigiriki limene anasankha, synekerasen, likuchokera muzu umodzi ndi krasis ndi krater uja. Akorinto atamva, ayenera kuti anaona mtsuko wa paphwando m'maso mwawo. Mulungu anatithira mumtsuko umodzi n'kutakasa.

Koma Paulo sanalekere pomwe Agiriki analekera. Iwo ankafuna muyeso wofanana. Iye akuti Mulungu anapereka ulemu wochuluka kwa chiwalo chimene chinalibe ulemu, kuti m'thupi musakhale kugawikana. Wosakanizayo dzanja lake linapendekera dala kwa wonyozeka.

Apa ndi pamene ndinadzifunsa ndekha usiku wathawu. Kunyumba kwanga, ndani amene mawu ake amamveka tsiku lililonse, nanga ndani amene anasiya kuyankhula chifukwa palibe womumvera? Mumsonkhano wa kumpingo alipo mayi amene amasesa ndi kukonza mabenchi tisanafike, koma zokambirana zikayamba sitimufunsa n'komwe. Ena a ife ndife moto, timayaka msanga, ndipo timaganiza kuti popanda ife palibe chingapse. Timaiwala kuti mphika wopanda madzi umangopserera.

Inu amene mumadziona ngati kadontho, Agiriki anakanganapo za inu. Aristotle ankati dontho la vinyo likagwera m'madzi ochuluka limatha, limasanduka madzi. Pambuyo pake Chrysippus anatsutsa, nati dontho limodzi likhoza kufalikira nyanja yonse. Paulo akuoneka kuti ali kumbali ya Chrysippus, pakuti pa vesi 26 akuti chiwalo chimodzi chikamva kuwawa, zonse zimamva nacho limodzi.

Tipemphere. Atate, Inu amene munatisakaniza, ndiletseni lero pamene ndikufuna kulamulira ndekha. Ndikumbutseni munthu amene ndakhala ndikumudula mawu, ndipo mundipatse mtima womufunsa maganizo ake dzuwa lisanalowe. M'dzina la Yesu, Amen.