Gwirani kumapeto kwa chitsulo

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye. Mawu athu lero Mateyu 11:28-30, olema ndi othodwa aja, mukuwadziwa kale.

Musasiye kupopa abale anga, koma gwirani kumapeto kwa chitsulo.

Kuno kwathu kwa Khombedza dzuwa likafika pa Okutobala mjigo supuma, ndipo aliyense amene anapopapo akudziwa kuti chitsulo chopopera chija anachitalikitsa dala. Ana a sekondale ku fizikisi amachitchula lever, ndipo amaphunzira kuti ntchito ndi mphamvu yomwe waika kuchulukitsa ndi mtunda womwe chinthucho chayenda. Madzi a chigubu cha malita 20 amalemera makilogalamu 20, kuti akwere kuchoka pansi pa mamita 10 pakufunika ma joule (muyezo wa ntchito) pafupifupi 2,000, kaya akupopa ndi bambo wadzitho kaya ndi mwana wa sitandade 3. Mjigo suchotsapo olo pang'ono. Umangoti dzanja lako kumapeto kuja liziyenda mtunda wautali, kukwera kutsika kukwera kutsika, pomwe ndodo ya mkati mwa paipi ikungosuntha pang'ono chabe, ndiye kulemera konse kuja kumabwera pang'onopang'ono mpaka mwana nkudzaza chigubu chomwe sangachisenze yekha.

Sabata ino mayi anga ali gone, wowasambitsa ndine, wowadyetsa phala ndine, usiku akabuula wodzuka ndine ndemwe, kwinaku kusukulu akuitanitsa fizi. Ndinalira kuti Ambuye ndichotsereni mtolowu. Mtolo ulipobe mpaka m'mawa uno. Koma taonani bwino, Yesu anati katundu wanga ali wopepuka, sanati katundu kulibe. Zomwe wandipatsa ndi chitsulo chachitali, mphamvu ya lero lokha, mawa ndidzapopanso.

Nanga ife bwanji timakonda kugwira pafupi ndi mutu wa mjigo? Pamenepo dzanja siliyenda kutali zoona, zimaoneka ngati zachidule, koma phewa limachita kuwawa madzi asanafike ndi theka lomwe. Ndi zomwe timachita tikathamangira katapila kuti vuto lithe lero lomwe, kapena kuzemba usiku kukawombeza chifukwa pemphero lachedwa. Mayi, bambo, sunthani dzanjalo. Gwirani kumapeto. Mudzawerama kambirimbiri inde, anzanu pamzere adzayamba kung'ung'udza kuti mukuchedwa, koma msana wanu udzatsala wabwino ndipo madzi adzatuluka.

Chinanso chomwe chimandikhudza kwambiri. Mphira za pansi mu mjigo zija zikatha, umapopa thukuta kamukamu koma madzi ena akubwerera pansi, mphamvu yako ikungotayika pachabe, mpaka a komiti atasonkhetsa ndalama nkusintha. Mangawa amatero mu mtima. Odwazika matenda tikudziwa momwe zimawawira achibale a mtauni akangoti zii, foni osayankha, ndalama ya mankhwala osatumiza. Ukasunga zimenezo umapemphera ndithu, umasala kudya, koma chigubu sichidzaza. Ambuye atisinthire mphira m'mawa uno.

Ndiye mchimwene wanu uja simukuyankhulana naye chiyambire matendawa, muyimbireni lero dzuwa lisanatenthe, mayunitsi akavuta mubipeni akuyimbirani yekha, mumuuze mmene wodwala wagonera.